Kupima kayendedwe ka magazi mu impso zosakula bwino pogwiritsa ntchito ultrasound

Kupima kayendedwe ka magazi mu impso zosakula bwino ndi njira ya zachipatala imene imagwiritsa ntchito makina a ultrasound, omwe anthu ambiri amangowatchula kuti sikani, poona mmene magazi akulowera, kuyendera komanso kutulukira mu impso yomwe ndi yaing'ono kuposa mmene iyenera kukhalira. Mbali ya makinawa imene imayeza liwiro la magazi imatchedwa Doppler. Njirayi imathandiza dokotala kudziwa ngati munthu anabadwa ndi impso yaing'ono, kapena ngati impsoyo inali yabwinobwino kenako n'kufota chifukwa cha matenda ena, monga kuthina kwa mtsempha umene umaipatsa magazi. Kusiyanitsa zinthu ziwirizi n'kofunika chifukwa mtsempha wothina ungathe kukonzedwa, pomwe impso imene sinakule mwana ali m'mimba singakuzidwenso ndi mankhwala kapena opaleshoni. Kupimaku kumachitika kwambiri pa ana, koma kumachitikanso pa akuluakulu ndiponso pa ana osabadwa.

## Mmene impso zimakulira

Impso zimayamba kupangika cha m'sabata yachisanu ya pathupi. Mkati mwake mumapangika tizigawo ting'onoting'ono tosefa magazi totchedwa nephron, ndipo pofika cha m'sabata ya 10 mwana wa m'mimba amakhala atayamba kutulutsa mkodzo. Kupangika kwa ma nephron kumatha cha m'sabata ya 36. Nthawi imeneyi ikadutsa, thupi silipanganso ma nephron atsopano kwa moyo wonse. Impso imapitiriza kukula mwana akabadwa, koma imakula chifukwa ma nephron amene alipo kale amatalika ndi kunenepa, osati chifukwa chakuti awonjezereka.

Impso imodzi imakhala ndi ma nephron pafupifupi 1 miliyoni, ngakhale kuti chiwerengerochi chimasiyana kwambiri pakati pa anthu: ena ali ndi pafupifupi 200,000 pomwe ena amapitirira 2 miliyoni. Impso ya khanda lobadwa masiku atakwana imatalika masentimita 4 mpaka 5, ndipo ya munthu wamkulu imatalika masentimita 10 mpaka 12. Ngakhale kuti ndi ziwalo zazing'ono, impso ziwiri pamodzi zimalandira pakati pa 20 ndi 25 peresenti ya magazi onse amene mtima umapopa munthu akakhala kuti akupuma. Kwa munthu wamkulu, amenewa ndi magazi opitirira pang'ono lita imodzi pa mphindi iliyonse. N'chifukwa chake kayendedwe ka magazi kamasonyeza zambiri zokhudza thanzi la impso.

Zinthu zimene zingasokoneze kakulidwe ka impso ndi monga kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika, kuperewera kwa zakudya ndi vitamini A m'thupi la mayi woyembekezera, matenda a shuga a mayi, kusuta fodya, komanso mankhwala ena a BP monga enalapril, captopril ndi losartan akamwedwa pa nthawi ya pathupi. Nthawi zina vutoli limachokera ku chibadwa, makamaka pakakhala kusintha kwa ma gene otchedwa PAX2, HNF1B kapena EYA1.

## Mitundu ya impso zosakula bwino

Madokotala amasiyanitsa mitundu ingapo ya vutoli. Mtundu woyamba umatchedwa hypoplasia: impso imakhala yaing'ono ndipo ma nephron ake ndi ochepa, koma kapangidwe kake ka mkati n'kolongosoka. Kawirikawiri impso imatchedwa yaing'ono ikakhala m'gulu la impso ziwiri kapena zitatu zochepetsetsa mwa impso 100 zilizonse za anthu a msinkhu wofanana. Mtundu wachiwiri ndi dysplasia, pamene mnofu wa impso sunapangike mwadongosolo ndipo nthawi zambiri umakhala ndi timatumba ta madzi. Impso zambiri zimakhala ndi mavuto onse awiri pamodzi. Impso ikakhala kuti yonse ndi timatumba ta madzi tokhatokha ndipo sigwira ntchito n'komwe, imatchedwa multicystic dysplastic kidney. Palinso anthu amene amabadwa ndi impso imodzi yokha, vuto lotchedwa agenesis.

Mu 1929, dokotala wa ku Sweden dzina lake Erik Ask-Upmark anafotokoza za impso imene mbali imodzi yokha ndi yomwe imakhala yopanikizika ndi yosakula. Impso yotere imayenderana ndi BP yokwera kwambiri, makamaka pa ana ndi achinyamata. Masiku ano akatswiri ambiri amaona kuti zipsera zoterezi nthawi zambiri zimayamba chifukwa cha mkodzo umene umabwerera kuchokera m'chikhodzodzo kupita ku impso.

Mavuto obadwa nawo a impso ndi njira ya mkodzo ndi amene amachititsa kwambiri matenda okhalitsa a impso pakati pa ana. Mu 1988, Barry Brenner wa ku Boston ndi anzake anafalitsa mfundo yakuti munthu amene ali ndi ma nephron ochepa amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzadwala BP ndi matenda a impso akadzakula, chifukwa ma nephron ochepawo amagwira ntchito mopitirira muyeso mpaka amayamba kuwonongeka.

## Mmene Doppler imagwirira ntchito

Khutu la munthu limamva mafunde a phokoso ogwedezeka mpaka maulendo pafupifupi 20,000 pa sekondi. Makina a ultrasound amagwiritsa ntchito mafunde ogwedezeka maulendo mamiliyoni angapo pa sekondi, omwe khutu silingawamve. Kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa probe kamatumiza mafundewa m'thupi, momwe amayenda pa liwiro la mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi. Akagunda chiwalo amabwerera, ndipo kompyuta imapanga chithunzi kuchokera ku mafunde obwererawo.

Mu 1842, Christian Doppler, wasayansi wa ku Austria amene pa nthawiyo ankaphunzitsa ku Prague, anafotokoza kuti mafunde amasintha kagwedezekedwe kake ngati chinthu chimene akuchokera chikuyenda. Ndi chifukwa chake kulira kwa ambulansi kumamveka kokwera ikamabwera ndipo kumatsika ikangodutsa. M'thupi, zinthu zoyendazo ndi maselo ofiira a magazi. Magazi akamabwera cha ku probe, mafunde amabwerera akugwedezeka mofulumirirapo, ndipo akamapita kutali amabwerera akugwedezeka mochedwerapo. Kusiyanako n'kumene makina amagwiritsa ntchito powerengera liwiro la magazi. Mwachitsanzo, probe ya mafunde 3 miliyoni pa sekondi ikayang'anizana ndi magazi oyenda masentimita 50 pa sekondi, kusiyanako kumakhala pafupifupi 2,000 pa sekondi. Mafunde otere khutu limawamva, motero wopima amathanso kumvetsera kayendedwe ka magazi kudzera pa sipika.

Shigeo Satomura wa ku Osaka University ku Japan ndi amene anayamba kugwiritsa ntchito mfundo ya Doppler popima mtima ndi mitsempha m'zaka za m'ma 1950. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku University of Washington mumzinda wa Seattle anaphatikiza chithunzi cha chiwalo ndi muyeso wa liwiro m'makina amodzi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunabwera makina oonetsa magazi m'mitundu. Masiku ano pali njira zitatu zazikulu:

* Colour Doppler imapaka mtundu pa magazi oyenda. Mwachizolowezi, kufiira kumasonyeza magazi obwera cha ku probe ndipo buluu amasonyeza magazi opita kutali nayo. Mitunduyi sitanthauza magazi abwino kapena oipa.
* Power Doppler imaonetsa kuchuluka kwa magazi oyenda popanda kunena komwe akulowera. Imatha kuona magazi oyenda pang'onopang'ono m'timitsempha tating'ono.
* Spectral Doppler imajambula mzere wokwera ndi kutsika umene umasonyeza liwiro la magazi pa kugunda kulikonse kwa mtima. Manambala onse amawerengedwa kuchokera pa mzerewu.

## Kapimidwe kake

Magazi amafika ku impso kudzera mu mtsempha umene umachoka pa mtsempha waukulu wa m'mimba wotchedwa aorta. Ukafika pakhomo pa impso, mtsemphawu umagawikana n'kukhala nthambi zotchedwa segmental, kenako interlobar, kenako arcuate zimene zimapindika m'malire a mnofu wakunja ndi wamkati wa impso. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu anayi alionse amakhala ndi mtsempha wina wowonjezera wopita ku impso. Magazi amatuluka kudzera mu mtsempha wina umene umawabwezera ku mtima.

Munthu wamkulu amapemphedwa kuti asadye kwa maola 6 mpaka 8 kuti mpweya wa m'matumbo uchepe, chifukwa mafunde a ultrasound sadutsa bwino mu mpweya. Wodwala amagona chagada kapena cham'mbali, ndipo ana aang'ono amathanso kupimidwa atagona chafufumimba. Pakhungu pamapakidwa mafuta oterera ochotsa mpweya pakati pa probe ndi thupi.

Wopima amayamba ndi chithunzi wamba chakuda ndi choyera. Amayeza kutalika, m'lifupi ndi kuchindikala kwa impso zonse ziwiri, ndipo akachulukitsa miyeso itatuyi kenako n'kuchulukitsanso ndi 0.52 amapeza kukula kwa impso yonse. Zotsatirazo amaziyerekeza ndi matchati a msinkhu ndi kutalika kwa mwanayo. Amaonanso ngati malire a mnofu wakunja ndi wamkati akuoneka bwino, ngati pali timatumba ta madzi, zipsera kapena kutupa kwa njira ya mkodzo. Akatero amayatsa Doppler n'kutsata mtsempha kuyambira pa aorta mpaka mkati mwa impso, ndipo amayeza liwiro kumtunda, pakati ndi kumunsi kwa impso. Mafunde sayenera kupendekeka kupitirira madigiri 60 poyerekeza ndi komwe magazi akulowera, chifukwa akapendekeka kwambiri liwiro limene makina amawerenga limalakwika.

## Manambala amene amawerengedwa

Nambala yodziwika kwambiri ndi resistive index, mwachidule RI, imene Léandre Pourcelot wa ku Tours m'dziko la France anaifotokoza mu 1974. Mtima ukafinya, magazi amafika pa liwiro lapamwamba; ukamasuka, liwiro limatsika. Impso yathanzi imalandirabe magazi ambiri ngakhale pamene mtima wamasuka, chifukwa timitsempha take sititsekereza magazi. RI imapezeka pochotsa liwiro lotsika pa liwiro lapamwamba, kenako n'kugawa ndi liwiro lapamwambalo. Ngati liwiro lapamwamba ndi masentimita 40 pa sekondi ndipo lotsika ndi 14, RI ndi 0.65. Ngati lotsikalo ndi 4 basi, RI imakwera kufika pa 0.90, kusonyeza kuti magazi akuvutika kudutsa mu mnofu wa impso.

Kwa munthu wamkulu wathanzi, RI imakhala cha m'ma 0.60 ndipo malire ake ndi 0.70. Kwa ana zinthu n'zosiyana. Makanda amakhala ndi RI yokwera mwachibadwa, nthawi zina kupitirira 0.80, ndipo imatsika pang'onopang'ono m'zaka zoyambirira za moyo. Mwana wosakwana zaka 4 akhoza kukhala ndi RI yoposa 0.70 popanda vuto lililonse. Pa chifukwa chimenechi, kuyerekeza impso ziwiri za mwana yemweyo kumathandiza kwambiri kuposa kudalira nambala imodzi.

Pofufuza kuthina kwa mtsempha pamayezedwa zinthu zina zitatu. Magazi akamadutsa pamalo othina amathamanga kwambiri, monga madzi amachitira munthu akafinya kukamwa kwa paipi. Liwiro loposa masentimita 180 mpaka 200 pa sekondi, kapena liwiro loposa la mu aorta kuwirikiza maulendo 3.5, limasonyeza kuti mtsempha wathina kwambiri. Kupitirira pamalo othinawo, magazi amachedwa kufika pa liwiro lapamwamba ndipo mzere wake umakhala waufupi ndi wobulungira. Maonekedwe amenewa amatchedwa tardus parvus, mawu a Chilatini otanthauza kuchedwa ndi kuchepa. Amaganiziridwa ngati magazi akutenga nthawi yoposa masekondi 0.07 kuti afike pachimake. Malire amenewa anakhazikitsidwa makamaka pa akuluakulu, choncho pa ana amagwiritsidwa ntchito mosamala.

## Zimene zimaoneka pa impso yaing'ono

Impso ya hypoplasia imaoneka ngati impso yabwinobwino yomwe yangochepetsedwa. M'mbali mwake mumakhala mosalala, ndipo mtsempha wake umakhala waung'ono kuyambira pomwe ukuchoka pa aorta mpaka kumapeto, mogwirizana ndi kukula kwa impsoyo. Magazi amene amalowa ndi ochepa, koma palibe malo amene liwiro limakwera mwadzidzidzi, ndipo RI ingakhale yabwinobwino.

Impso ya dysplasia imaoneka yowala kuposa mmene iyenera kuonekera, malire a mnofu wake saoneka bwino, timitsempha take timakhala tapatalipatali, ndipo RI nthawi zambiri imakwera. Pa impso ya timatumba ta madzi tokhatokha, mtsempha umakhala waung'ono zedi kapena suoneka n'komwe.

Impso yofota chifukwa cha kuthina kwa mtsempha imadziwika ndi liwiro lokwera pamalo othina komanso mzere wa tardus parvus mkati mwake. Pa ana ndi achinyamata, kuthinaku kumayamba chifukwa cha matenda monga fibromuscular dysplasia, neurofibromatosis ndi Takayasu arteritis, omwe amapezeka kwambiri pa ana a ku India ndi ku South Africa poyerekeza ndi a ku Ulaya. Pa achikulire kumayamba makamaka chifukwa cha mafuta oundana m'mitsempha. Impso imene ikulandira magazi ochepa imatulutsa kwambiri renin, chinthu chimene chimakweza BP ya thupi lonse. Harry Goldblatt wa ku Cleveland anatsimikizira zimenezi mu 1934 pamene anapana mitsempha ya impso za agalu ndipo BP yawo inakwera.

Impso yofota chifukwa cha matenda obwerezabwereza a m'njira ya mkodzo imakhala ndi zipsera ndi m'mbali mokumbikakumbika, ndipo power Doppler imaonetsa malo opanda magazi pomwe pali zipserazo. Pa makanda, magazi angathenso kuundana mu mtsempha wa impso, ndipo impsoyo imayamba yatupa kenako imafota pakapita miyezi.

Impso inayo imayezedwanso mosamala. Ngati ili yathanzi, imakula kuposa muyeso wake kuti igwire ntchito ya ziwiri. Ikapanda kukula motero, madokotala amakayikira kuti nayonso ili ndi vuto.

## Kupima mwana asanabadwe

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense woyembekezera apimidwe ndi ultrasound kamodzi pathupi pasanakwane masabata 24. Impso za mwana zimaoneka bwino pa sikani ya pakati pa masabata 18 ndi 22. Kuyambira cha m'sabata ya 16, madzi ambiri amene amazungulira mwana m'chiberekero amakhala mkodzo wake. Impso zonse ziwiri zikakhala kuti sizikugwira ntchito, madziwa amachepa kwambiri ndipo mapapo a mwanayo amalephera kukula. Edith Potter wa ku Chicago anafotokoza za ana otere mu 1946. Madzi akachepa chithunzi wamba sichioneka bwino, choncho colour Doppler imathandiza poonetsa ngati mitsempha yopita ku impso ilipo mbali zonse ziwiri za aorta. Kusaoneka kwa mtsempha kumalimbikitsa maganizo akuti impso palibe, koma pakokha si umboni wokwanira, chifukwa impso ingathe kukhala pamalo ena, monga m'munsi mwa mimba.

## Ubwino ndi malire a njirayi

Ultrasound sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray, sifuna jakisoni wa mankhwala amene angavulaze impso, sipweteka, ndipo ingabwerezedwe kangapo mwana akamakula. Komabe Doppler imatumiza mphamvu zambiri m'thupi kuposa chithunzi wamba, choncho pa miyezi yoyambirira ya pathupi imagwiritsidwa ntchito kwa nthawi yochepa komanso pokhapokha pakakhala chifukwa.

Zotsatira zimadalira kwambiri luso la wopima. Mpweya wa m'matumbo, kunenepa, kulira ndi kusakhazikika kwa mwana zingabise mitsempha. Mtsempha wowonjezera kapena kanthambi kothina mkati mwa impso kangaphonyedwe, motero Doppler yooneka bwino sitsimikizira kuti palibe kuthina. RI imasinthanso ndi zinthu zosakhudza impso, monga liwiro la kugunda kwa mtima, kuuma kwa mitsempha chifukwa cha ukalamba, matenda a mtima obadwa nawo, ngakhalenso kukanikiza probe mwamphamvu pamimba pa khanda. Doppler siwerenga ma nephron ndipo siyeza mwachindunji mmene impso ikusefera magazi.

Pa zifukwa zimenezi imayendera limodzi ndi njira zina: kuyeza BP, kuyeza creatinine m'magazi, kuyeza mapuloteni mu mkodzo, sikani ya DMSA imene imasonyeza gawo la ntchito limene impso iliyonse ikugwira, ndiponso kujambula chikhodzodzo poona ngati mkodzo ukubwerera. Pakakhala kukayikira kwakukulu kuti mtsempha wathina, mitsempha imajambulidwa ndi CT, MRI kapena kachubu kolowetsedwa mu mtsempha, komwe ndi njira yodalirika kuposa zonse.

## Kufunika kwa zotsatira pa chisamaliro

Mwana amene ali ndi impso imodzi yaing'ono ndipo inayo ili bwino kawirikawiri amakula popanda vuto, koma amafunika kumayezedwa BP ndi mkodzo nthawi ndi nthawi mpaka atakula. Matenda a m'njira ya mkodzo ayenera kuchizidwa msanga, ndipo mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac sayenera kumwedwa mwachisawawa. Ngati mtsempha wapezeka wothina, ungathe kukulitsidwa ndi kachibaluni kapena kukonzedwa ndi opaleshoni. Nthawi zina impso yaing'ono imene ikugwira ntchito yochepa zedi koma ikukweza BP imachotsedwa. Impso zonse ziwiri zikakhala zosakula, mwana amakodza kwambiri, amamva ludzu pafupipafupi, amapinimbira, ndipo pamapeto pake angafunike makina osefa magazi kapena kupatsidwa impso ina.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mayiko amene ana ambiri amabadwa masiku asanakwane. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse obadwa amoyo. M'zipatala za boma m'dzikoli, makina osefa magazi amapezeka makamaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, choncho kuzindikira vuto la impso msanga n'kofunika kwambiri. M'madera amene muli likodzo, monga a m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, wopima amayang'ananso chikhodzodzo ndi njira za mkodzo, chifukwa likodzo lokhalitsa lingatseke njirazi n'kuwononga impso imene inabadwa yabwinobwino.